Likongwe Aphunzitsa Njiri Kupalasa Njinga

Padangokhala, inu vomerani tisatayane panjira, kale lija nyama zidakali ndi mafumu awo, nduna zawo ndi amithenga awo, padali Likongwe.

Likongwe adalibe munda, adalibenso udindo pabwalo, koma ana ake sankagona ndi njala, pakuti khasu lake lidali pakamwa.

Mfumu ya dzikolo idali Gogo Chalo Njati, mayi wokonda phwete. Nduna yawo yaikulu idali Nyalugwe, mthenga wawo adali Njiri. Tsono mwambo wa kumeneko unkati mthenga wa mfumu saodira. Amalowa pakhomo lililonse, ngakhale kuchipinda, ndipo palibe womutsekera chitseko. Njiri mwambowu ankaukonda pa chifukwa chimodzi: unkamufikitsa kumiphika. Mudzi uliwonse umene wapita ankayamba wadya, n'kumwa, n'kutsamira pang'ono, uthenga pambuyo. Mimba idakula mpaka kumasesa njira. Uthenga wa ukwati wa mwana wa Mbawala udafika kuchimuna khanda litayamba kale kukwawa.

Tsiku lina pabwalo Nyalugwe adaimirira.

"Gogo Chalo, mthenga wanuyu akutichititsa manyazi. Ndodo ya uthenga ipatseni miyendo yodziwa kuthamanga. Ndikunena ine ndemwe."

Agwape adakokera ana awo kumbuyo. Nyalugwe kumalowa m'nyumba za ena osaodira!

Gogo Chalo adati, "Munthu sitimuchotsa tisanamuyese. A Njiri, kuseri kwa nkhokwe kuli njinga. Itengeni. Chimanga chikadzalowa m'nkhokwe, mudzakwere nayo chitunda cha Mthyolamsana, thumba la chimanga lili pakaliyala, chiboda osaponda pansi. Mukadzafika pamwamba, ndodo ndi yanube. Mukadzalephera, ipita kwa a nduna."

Njiri adayang'ana njinga, n'kuyang'ana mimba yake, n'kukhala pansi.

Bwalo litabalalika, Likongwe adangomva chikhatho cholemera chatera pamchira wake. Adali Nyalugwe.

"Iwe, umatha kupalasa njinga?"

"Ine, a nduna? Miyendo yangayi singafike n'komwe pamapedulo."

"Njiri sakudziwa zimenezo. Pita ukakhale mphunzitsi wake. Umuthyole msana, umuphe mtima, njingayo aibweze yekha. Ukatero, khola langa la nkhuku ndi lako. Ukalephera, khola lako ndi mimba yangayi."

Likongwe adamva za nkhuku, malovu n'kudzaza m'kamwa. Za mimbazo sadazilabadire. Kutopetsa nkhumba yonenepa ngati Njiri, imeneyo n'kukhala ntchito?

M'mawa mwake adamupeza Njiri akuizungulira njinga ngati ikuluma.

"A mthenga, mwayi wanu. Ine njinga ndinabadwira pachishalo. Agogo anga ndi amene adaphunzitsa njinga kuima ndi matayala awiri."

"Ndithandizeni, aphunzitsi!" adatero Njiri misozi ili lengelenge.

Likongwe adapita naye pamtsetse wina umene kumapeto kwake kudali chitsamba cha chitedze.

"Phunziro loyamba. Mapedulo musawakhudze. Kwezani miyendo, ndipo maso anu asachoke pachitsamba icho."

"Nanga poima ndidzatani?"

"Za kuima ndi za chaka chamawa. Tiyeni!"

Adamukankha. Njinga idayamba dzandidzandi, kenaka idawongoka n'kuliyatsa liwiro, Njiri maso ali tong'o pachitsamba monga adamuuzira. Khuu! Mfuu wake udamveka midzi yonse. Adadzikanda mpaka kugubuduka m'fumbi, Likongwe akuseka chamumtima, nkhope ataiika yachisoni. Likongwe adathamangira kwa Nyalugwe kukanena kuti ntchito yatha, nkhuku azikonzeratu.

Kutacha adamva belu pakhomo pake: ngiringiri! Kusuzumira, Njiri! Thupi lonse litatupa, mawondo atasupuka, koma mano onse pamtunda.

"Aphunzitsi, mwaona nzeru zanu? Dzulo sindinagwere panjira. Ndinakagwera kumapeto! Ukayang'ana kutsogolo njinga imawongoka yokha. Ndipo pothawa chitedze chija ndaona kuti ukafinya tizitsulo iti ta pahandulo, njinga imaima. Munkafuna ndizitulukire ndekha, eti?"



"Ee," adatero Likongwe. "Ndimaphunzitsa choncho."

Sipadatenge nthawi, Njiri adayamba kupalasa pabwalo la kwawo, kugwa n'kudzuka, kugwa n'kudzuka, mpaka kumazungulira mtondo wa mkazi wake osaugunda. Likongwe adati mumtima, kuyendetsa wadziwa, koma mpweya alibe. Tiyeni timuthere mpweyawo.

"Phunziro lachiwiri, ulendo wautali. Mundiperekeze kwa apongozi anga. Ndipo njinga yopanda katundu imazolowera ulesi, choncho timangirirepo thumba la makala ili."

Kwa apongoziwo kudali kutali, ndipo makalawo Likongwe adali atawalonjeza kale koma wosenza ankasowa. Adamangirira thumba ndi mphira, iye n'kukhala pamwamba pake ngati mkwati. Ali pamenepo adapeka kanyimbo konyoza. Kankauza miyendo kuti izungulire ngati chigayo, mimba ibwerere kunyumba ikadikire, ndipo pakutha pa mzere uliwonse Njiri ankayenera kuvomera ndi mawu amodzi okha, otchula dzina la mimba yake. Likongwe ankafuna kuti odutsa m'njira aziseka. Ankasekadi. Njiri ankavomera mokhulupirika, thukuta lili kamukamu.

Asanafike pakati pa ulendo, Njiri adali wefuwefu, lilime panja. Adaima, n'kusanza, n'kugona chagada m'mbali mwa njira.

"Aphunzitsi, miyendo sindikuimva. Ndipo pokhalirapa pakuyaka moto."

"Ndiye mwalephera. Tikaibweze njingayi."

"Ayi, ndipume kaye."

Adapuma, adamwa madzi, adakweranso. Adafika kwa apongozi akuyenda motangadza ngati bakha. Pobwerera njinga adachita kuikankha, ndipo atafika kwawo adagwera pamphasa osadzukanso. Tsiku lidapita, belu osamveka. Linanso lidapita. Likongwe adayamba kusema chikombe chomwera nkhuku.

Kenaka, ngiringiri!

"Aphunzitsi, ndapuma, ndipo miyendo yadzuka yatsopano! Tapanikizani ntchafu iyi. Ndipo nyimbo yanu ija ndi mankhwala. Ndikamavomera, mpweya umatuluka pamodzi ndi phazi, sindibanika. Kwa apongozi tipitanso liti?"

Chikombe chidagwa m'manja mwa Likongwe.

Adapitanso, ndipo ulendo uno Njiri adangoima kamodzi. Ulendo wotsatira sadaime. Apongozi a Likongwe makala adachita kusowa powaika.

Nyalugwe adakumana ndi Likongwe panjira ya kudambo.

"Ndamva belu likulira m'mawa uliwonse."

"Ndi kulira kwa maliro ake, a nduna. Ndikumuphika pang'onopang'ono."

"Ine nyama yophikaphika sindiikonda," adatero Nyalugwe, n'kunyambita mlomo.

Likongwe adaona kuti zafika posauzana. Adaganiza kuti, Njiri mtima wake uli m'chipanda cha mowa. Chotsa chipandacho, wachotsa mtima. Tsono adapita kwa Njiri nkhope ili gwaa.

"Phunziro lachitatu ndi lowawa. Kuyambira lero mowa ayi. Masese ayi. Zonona za m'miphika ya eni ayi. Muzidya mbatata, nyemba ndi masamba, muzimwa madzi. Ndipo tiyamba chitunda cha Mthyolamsana. Pamwamba pake pali malo amene ndikufuna kumangapo nyumba, njerwa zili kumunsi."

"Mowanso, aphunzitsi?"

"Ngati n'zovuta, njinga tikaibweze."

Njiri adalira ngati wafedwa, koma chipanda adachivundikira.

Tsiku loyamba pachitunda adangopalasa pang'ono, njinga n'kuyamba kubwerera chammbuyo, njerwa mbwee, iye chagada. Likongwe adati eya, pano ndiye pathera. Mawa lake Njiri adafika pamene adagwera paja, n'kupitirira pang'ono, n'kugwa. Mkuja mwake adapitiriranso. Pamalo paliponse pamene wagwera ankaikapo mwala, ndipo ankangofuna kuudutsa mwala wadzulo. Likongwe adawonjezera njerwa. Njiri adadutsa mwala. Adawonjezeranso. Njiri adaphunzira kuimirira pamapedulo. Kanyimbo kaja Likongwe ankakaimbabe ali pamwamba pa njerwa, koma tsopano mawu ake ankanjenjemera, ndipo kuvomera kwa Njiri kunkamveka ngati ng'oma. Odutsa m'njira adasiya kuseka. Ankaima, dzanja pakamwa.

Lamba wa Njiri adayamba kugwa, mkazi wake n'kumubowola pena. Adagwanso, n'kumubowolanso. Tsiku lina Njiri adalowa pabwalo, Gogo Chalo n'kufunsa kuti mlendoyu ndi wa kuti.

Chimanga chidauma. Chidayamba kulowa m'nkhokwe. Ndipo m'mawa wina Njiri adadutsa miyala yake yonse n'kukaima pamwamba penipeni, njerwa zili phaa pakaliyala.

Likongwe adatsika panjerwapo.

"A mthenga, ndikufunseni. Chitedze, makala, njerwa, mowa kukulandani. Wina akadathawa kalekale. Inu chikukubwezani n'chiyani?"

Njiri adapukuta thukuta.

"Aphunzitsi, ndili ndi ana aang'ono kunyumba. Tsiku lija pabwalo ndinaona mmene a nduna ankawayang'anira. Ndodo ikapita kwa iwowo, mkazi wanga adzatseka chitseko ndi chiyani? Ndikagwa ndimaona nkhope za anawo, basi ndimadzuka."

Likongwe adaseka, koma kusekako sikudafike m'mimba.

Atafika kwawo adapeza Nyalugwe atakhala pakhomo, ana a Likongwe ataunjikana kukhoma.

"Ana ako anenepa bwino," adatero Nyalugwe. "Ndimati ndione pakhomo pamene ndidzayambire ndikadzalandira ndodo. Mawa ndiye tsiku. Wandikonzera chiyani?"

"Pakhomo pano, a nduna? Si paja ine ndi inu tili kumodzi?"

"Tili kumodzi, ee. N'chifukwa chake ndidzayambira kwanu, pa chibale."

Mutu wa Likongwe udaima. Njiri akapambana, adyedwa iye. Njiri akalephera, adyedwa ana ake. Nkhuku zija zidauluka m'maganizo mwake zonse nthawi imodzi. Koma pakamwa pa Likongwe sipankadikira mutu.

"A nduna, ndinene zoona. Makala alephera, njerwa zalephera. Katundu wakufa Njiri samugwetsa. Pakufunika katundu wamoyo."

"Ukutanthauza chiyani?"

"Womanga thumba pakaliyala ndi ine, mphunzitsi wake. Tichotsemo chimanga, mulowemo inu. Akafika pothina penipeni, mudzadziponye mbali imodzi. Njinga pansi, thumba ligubudukira m'tchire, ine ndithamangira kukamasula, inu n'kutulukira kwina mukudzikonza ndevu. Adzadziwa ndani?"

"Bwanji osalowamo iwe?"

"Ine kulemera kwanga ndi kwa chitsononkho. Pamafunika thupi la ulemerero ngati lanuli."

Nyalugwe adayang'ana mapewa ake, n'kuvomera.

M'mamawa, kuseri kwa nkhokwe, Nyalugwe adadzipinda n'kulowa m'thumba. Likongwe adathiramo chimanga m'mbali kuti lioneke bwino, n'kumanga kukamwa. Kenaka adaitana Njiri kuti alikweze pakaliyala, iye n'kutenga mphira. Adakulunga cham'litali, adakulunga cham'mbali, adapingasa, adabwerezanso, akukoka ndi mano mpaka mphira kulira.

"Wathinitsa," lidanong'ona thumba.

Likongwe adayandikiza pakamwa. "Kuti asakayike, a nduna. Chete."

"Aphunzitsi, mukulankhula ndi chimanga?" adafunsa Njiri.

"Ndikuchilangiza. Kwerani."

Dziko lonse lidasonkhana m'mbali mwa chitunda, Gogo Chalo atakhala pamwamba. Ena adafunsa kuti a nduna ali kuti, koma lipenga lidalira, nkhaniyo n'kuiwalika.

Njiri adanyamuka bwino. Thumbalo silinkaposa njerwa zija kulemera, ndipo Likongwe, amene ankathamanga pambali, adayamba kupuma bwino. Koma atafika pothina, thumba lidagwedezeka. Nyalugwe kudziponya adalephera, mphira itamugwira ngati msampha, koma adayamba kuphiriphitha ndi ukali wonse. Njinga idapendekera kumanzere. Khamu lidakuwa. Idapendekera kumanja. Chiboda cha Njiri chidachoka papedulo n'kulendewera, dothi lili pafupi ngati chikhatho.

"Aphunzitsi, katunduyu ali ndi moyo!"

"Musayang'ane kumbuyo! Maso kutsogolo!"

Ndipo Likongwe adayambitsa kanyimbo kaja. Kadali komweko, kouza miyendo kuti izungulire ngati chigayo, koma ulendo uno adakaimba ndi mtima wake wonse, mawu akusweka, ngati munthu woitana mvula. Njiri adavomera kamodzi, mofooka. Agwape adalandira. Ambira adalandira. Posakhalitsa chitunda chonse chinkavomera pamodzi, ndipo kuvomera kulikonse kunkatsitsa pedulo limodzi. Njiri adaimirira, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo, njinga ikulira ngati ithyoka. Tayala lidazungulira. Lidazunguliranso. Ndipo adatulukira pamwamba, n'kufinya mabuleki pamaso pa Gogo Chalo penipeni.

Palibe adakhulupirira. Kenaka nthungululu zidasweka.

Zili choncho, thumba lidabuula.

Nthungululu zidaduka. Gogo Chalo adatong'ola maso.

"Chimanga changa chikubuula?"

Likongwe adagwada n'kuwomba m'manja. "Pepani Gogo Chalo, mwalowa makoswe. Tisamasule, angathawire m'nkhokwe za anthu. Tiyambe tawapuntha momwemo."

"Wanena zanzeru. Amayi, minsi!"

Amayi a Gwape ndi amene adayamba. Phii! Thumba lidapirira, pakuti kulankhula kukadakhala kudziulula. Mkazi wa Njiri adatsatira. Phii! Lidapirirabe. Koma Gogo Chalo atanena kuti abwereke munsi nawonso ayeseko, thumba lidakuwa ndi mawu amene aliyense ankawadziwa.

"Lekani! Ndine! Ndine nduna yanu!"

Minsi idagwa pansi. Ena adathawa, ena adangoti kukamwa yasa. Atadula mphira, mudatuluka Nyalugwe, diso limodzi litatsekeka, chimanga chili m'makutu.

"A nduna," adatero Gogo Chalo pang'onopang'ono, "m'thumba langa mumafunamo chiyani?"

"Ndi Likongwe uyu! Ndiye anandimanga!"

"Ine ndinamanga thumba, Gogo Chalo," adatero Likongwe. "Koma taonani msinkhu wangawu. Ndingathe kunyamula a nduna n'kuwaika m'thumba iwo asakufuna?"

Gogo Chalo adayang'ana Likongwe, adayang'ana Nyalugwe, ndipo tsiku limenelo sadaseke. Adamuvula unduna pomwepo, n'kulamula kuti asadzapondenso pamudzi uliwonse dzuwa likuwala. Nyalugwe adatsimphina kulowa m'tchire osacheuka.

Njiri, amene adali asanamvetsebe zonse, adamunyamula Likongwe n'kumukweza m'mwamba.

"Ndanyamula nduna yathunthu pachitunda! Onani ntchito ya aphunzitsi anga! Chitedze ndi iwowa, makala ndi iwowa, njerwa ndi iwowa. Mphunzitsi ngati uyu kulibe!"

Likongwe adadzikonza ubweya, mtima utakhala pansi. Adapulumuka, ana adapulumuka, nyumba ya njerwa ili m'njira, ndipo tsopano ulemu. Adayamba kuganiza kuti mwina khola la nkhuku lija, poti mwini wake wapita, lisowa woliyang'anira.

"Likongwe," adaitana Gogo Chalo, "ntchito yako ndaiona, ndipo ndikupatsa mphotho yoyenera."

"Wawa, Gogo Chalo."

"Kuyambira lero ndiwe mphunzitsi wa kunyumba ya mfumu. Nanenso mawondo ayamba kundivuta, thupi lalemera. Mawa m'mawa uyamba ndi ine. Koma ine za chitedze sindifuna. Iwe uzidzagwira kaliyala kumbuyo n'kumathamanga, ndikapendekeka uzindiwakha."

Likongwe adakweza maso. Adayang'ana ziboda za Gogo Chalo, adayang'ana msana wawo wotseka dzuwa, adayang'ana timanja take.

"Ndizikuwakhani, Gogo Chalo?"

"Ee. Ndipo ndikadziwa ine, a Mvuu ndi a Chipembere anena kale kuti nawonso akufuna."

Mawa lake Gogo Chalo adafika pakhomo pa Likongwe akukankha njinga, nsalu atamangira m'chiuno. Adaliza belu. Zii. Adalizanso. M'nyumba mudalibe ngakhale mphasa. Likongwe adali atasamuka ndi banja lonse kukalowa kuuna wa pachulu, kumene Njati sangalowetseko ngakhale mphuno.

N'chifukwa chake mpaka lero likongwe akafuna kudutsa msewu amayamba waima, n'kusuzumira uku ndi uku. Ndipo akangomva belu la njinga, mumangoona kamchira kakulowa m'tchire.

Nthano yaphwa mpweya pamenepa. Amene ali ndi pampu akapope yake.